Mmene mungamwere Monastrell wa oganiki wa ku Jumilla, ndi ndiwo zimene amayenda nazo

Botolo langa loyamba la vinyo wa ku Jumilla ndinaliwononga ndi manja anga. Anabwera nalo mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Britain, atalikulunga m'juzi pakati pa sutikesi ngati khanda. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndipo botololo linaswera pawindo la kukhitchini. Madzulo tinayatsa mbaula n'kuotcha mbuzi, ine n'kuipaka tsabola wa kambuzi mosaumira. Nditangolawa vinyoyo, kukhosi kunayaka moto, lilime n'kuuma gwa! Mlamu anaika tambula yake pansi nati, "Alamu, vinyoyu wakulakwirani chiyani?"

Nyama inali yoyenera ndipo vinyo anali wabwino. Ndinalakwitsa ziwiri zokha: botolo lotentha ndi tsabola wambiri. Malangizo ali m'munsiwa ndi oti inu musadutse njira yomweyo. Spain ili ndi mitundu yambirimbiri ya vinyo wofiira, koma ine ndasankha umodzi, wopangidwa ndi mphesa za Monastrell zochokera ku Jumilla, kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Chifukwa chake n'chakuti ameneyu ndi vinyo wa dziko louma lowetako mbuzi, ndiye sachita chilendo pa mbale yathu.

1. Yambani ndi lebulo, musanafike n'komwe pa mtengo

Tembenuzani botolo muone kumbuyo. Mukufuna zinthu zinayi.

Choyamba ndi kabokosi kobiriwira kokhala ndi nyenyezi zoyera 12 zondandalikidwa ngati tsamba. Chimenechi ndi chizindikiro cha European Union cha zakudya za oganiki. Pafupi nacho pamakhala nambala yoyamba ndi ES-ECO, yosonyeza bungwe la ku Spain limene linayendera mundawo ndi mosungira vinyo. Mawu amene Asipanishi amakonda kulemba ndi ecológico. Ena amalemba orgánico kapena biológico, koma zonsezi n'chimodzimodzi. Ngati botolo langojambulidwa masamba ndi mbalame koma chizindikirocho palibe, dziwani kuti ndi zokongoletsa chabe.

Apa mpofunika kumvetsetsana. Mawu oti oganiki akunena za mmene munda unasamalidwira, osati mmene vinyo adzakomere. Mlimi sanathire feteleza wa ku fakitale, sanapopere mankhwala opha udzu, ndiponso sanagwiritse ntchito mankhwala ophera tizilombo opangidwa ku fakitale. Amathira manyowa, amapalira kapena kulima ndi thirakitala pakati pa mizere. Koma sikuti sapopera kalikonse: kopa ndi salifa n'zololedwa polimbana ndi chuku cha masamba, kopa yemweyo amene alimi a tomato amamudziwa, ndipo lamulo linaika malire a makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka zisanu ndi ziwiri. Munda wa mpesa umadikira zaka zitatu ukutsatira malamulowa usanapatsidwe chiphaso. Kuyambira 2012 malamulo anafikanso mkati mwa nyumba yopangira vinyo. Masalufaiti, amene amathiridwa kuti vinyo asasase, sayenera kupitirira mamiligalamu 100 pa lita mu vinyo wofiira wosatsekemera, pamene mu vinyo wamba malire ndi 150. Ndiye mukaona mawu oti contiene sulfitos musadabwe, alimo ndithu, kungoti ochepa. Ndipo wina asakunamizeni kuti vinyo wa oganiki alibe matsire. Matsire amabwera ndi mowa umene uli mkatimo, ndipo uwu ndi wochuluka.

Chachiwiri ndi dzina la dera: Jumilla, ndi zilembo DO kapena DOP, zotsimikizira kuti vinyoyo ndi wa deralo ndipo anapangidwa motsatira malamulo ake. Chachitatu ndi dzina la mphesa, Monastrell. Mabotolo ena amasakaniza ndi mphesa zina monga Syrah kapena Garnacha, zimene si vuto, koma ngati mukufuna kumudziwa bwino yambani ndi wosasakaniza.

Chachinayi ndi mawu onena za msinkhu. Joven ndi vinyo wamng'ono amene sanakhalitse mumgolo, kapena sanalowemo n'komwe. Roble ndiye kuti anagona miyezi yowerengeka mumgolo wa matabwa a oak. Crianza wasungidwa zaka ziwiri, miyezi yosachepera isanu ndi umodzi ali mumgolo. Reserva ndi zaka zitatu, chaka chimodzi mumgolo. Kwa munthu woyamba ndimalangiza joven kapena roble, chifukwa ndi wotsika mtengo komanso kukoma kwa mphesa kumamveka kosaphimbika ndi fungo la thabwa. Onaninso mphamvu yake: Monastrell nthawi zambiri amakhala pa 14 kapena 15 peresenti.

2. Dziwani kumene wachokera, kuti mudziwe chimene mukuyembekezera

Jumilla ndi tawuni ya m'chigawo cha Murcia, koma dera la vinyo la dzinali, limene linakhazikitsidwa mu 1966, limalowanso m'chigawo cha Albacete, kumatawuni monga Hellín, Tobarra ndi Ontur. Ndi malo okwera, a miyala ya laimu, ndipo mvula imagwa pafupifupi mamilimita 300 pachaka. Lilongwe imalandira pafupifupi kuwirikiza katatu. Chilimwe masana kumatentha koopsa, usiku n'kuzizira, ndipo nyengo yozizira madzi amaundana.

Mipesa yambiri yakale kumeneko siikwezedwa pa waya. Imasiyidwa ngati zitsamba zazifupi, motalikirana, kuti uliwonse upeze chinyezi chake pansi penipeni. Iwo amati en vaso. Masamba amachita ngati ambulera wotchingira zipatso. Kuuma kumeneku n'kumene kumapangitsa ulimi wa oganiki kukhala wosavuta ku Jumilla, chifukwa chuku chimakonda chinyontho, ndipo kumene chinyontho kulibe mlimi sasowa kupopera kawirikawiri. N'chifukwa chake gawo lalikulu la minda ya kumeneko lili ndi chiphaso cha oganiki, ndipo vinyo wake sakhala wodula modabwitsa ngati zinthu zina zolembedwa oganiki. Mlimi wa kumalo a mvula yambiri amalimbana kwambiri kuti apeze tsamba lobiriwira lija. Wa ku Jumilla dzuwa ndi mphepo zimamugwirira ganyu.

Kachilombo ka phylloxera, kamene kanawononga mizu ya mipesa ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, kanadzasakaza minda ya ku Jumilla mochedwa kwambiri, mu 1989. Ndiye mpaka lero kuli minda ina yakale imene mipesa yake ili pa mizu yakeyake, yosalumikizidwa pa tsinde la mtundu wa ku America umene umapirira kachilomboka. Mukaona mawu oti pie franco pa lebulo, akutanthauza zimenezi, ndipo mtengo wake umakwera.

Mphesa za Monastrell ndi zazing'ono, za khungu lochindikala, ndipo zimachedwa kupsa. Zimakololedwa chakumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala. Dzuwa lambiri limabweretsa shuga wambiri, shuga wambiri amasanduka mowa wambiri. Khungu lochindikala limabweretsa mtundu wakuda bii ndi tanini, chinthu chija chimene chimaumitsa m'kamwa. Mukasunga ziwirizi m'mutu, mowa wambiri ndi tanini wambiri, zonse zotsatira zikhala zomveka.

Ngati mumamwa vinyo wa ku South Africa, mwina munakumana nazo kale mphesa zimenezi osazizindikira. Kumeneko ndi ku France amazitcha Mourvèdre, ndipo ku Australia ena amati Mataro.

3. Yenderani botolo ngati mukugula nkhuku

Vinyo wa ku Spain akamafika m'manja mwa munthu wa ku Blantyre kapena Chipata amakhala atayenda ulendo wautali, ndipo mdani wake wamkulu panjira ndi kutentha. Pewani botolo limene laima pawindo la sitolo kapena pafupi ndi babu. Papasani pamwamba: ngati chitsekerero chatukuka kupitirira mlomo wa botolo, kapena pali kamzere komata kotsika m'khosi mwake, vinyoyo anaphikika panjira. Kwa joven sankhani wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi, osati wakalekale. Sikuti vinyo aliyense amakoma akakalamba. Chitsekerero chopotokola ngati cha botolo la sikwashi si chizindikiro cha vinyo wachabechabe.

Mukafika nalo kunyumba, ligonekeni m'kabati ya chipinda chozizira kwambiri, pansi, kutali ndi khitchini.

4. Muziziritseni

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Tinamva kuti vinyo wofiira salowa mufuriji, amamwedwa pa kutentha kwa m'nyumba. Nyumba imene ankanena ndi ya ku Ulaya, ya makoma a miyala, osati ya malata ku Salima. Monastrell amakoma pa madigiri 15 mpaka 17, ndipo joven angatsike mpaka 14. Akafika pa madigiri 28 kapena 30, mowa uja umatsogola, fungo la zipatso limathawa, ndipo mumangomva kutentha kukhosi ngati mwamwa kachasu.

Ikani botolo mufuriji kwa mphindi 30 mpaka 45, kutengera kutentha kwa tsikulo. Mukaligwira likhale lozizira ngati madzi a mumtsuko, osati lochita thukuta ngati Fanta. Magetsi akathima, mizani botolo mu ndowa ya madzi ozizira mpaka m'khosi, kapena likulungeni ndi kansalu konyowa n'kuliika podutsa mphepo. Mukaziziritsa mopitirira musadandaule, tambula imatentha yokha m'mphindi zochepa. Kungoti vinyo wozizira kwambiri amamveka wowawa ndi wouma kuposa mmene alili, ndiye musamuweruze msanga.

M'nyengo ya Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Mzuzu, madzulo, furiji mwina simungaifune n'komwe.

Pakudya, botolo lisakhale pafupi ndi mbaula. Libwezereni mu ndowa mukatha kuthira.

5. Tsegulani msanga, mumupatse mpweya

Monastrell ali ndi khalidwe limodzi limene limaopseza anthu. Mukangotsegula, nthawi zina amatulutsa kafungo ngati ka machesi ozimitsidwa kumene, kapena ka chikopa, ngakhalenso ka khola la mbuzi. Musathamangire kutaya. Mphesa zimenezi zimatero zikatsekeredwa popanda mpweya. Khuthulirani vinyo yense mu jagi yoyera ya galasi, mochokera m'mwamba pang'ono kuti achite thovu, n'kumusiya mphindi 30. Crianza kapena reserva mupatseni ola. Jagi ikhale yotsukidwa bwino, yopanda fungo la sopo kapena la juwisi wa dzulo. Simukusowa chiwiya chodula cha m'mahotela.

Fungo loti likudetseni nkhawa ndi lina: la katoni yonyowa kapena la chipinda chimene chinalowa madzi. Limenelo limachokera ku chitsekerero chowonongeka, ndipo silichoka ngakhale mudikire mpaka mawa. Fungo la viniga nalonso ndi chizindikiro choti vinyo wapita.

Tambula ikhale yaikulu mimba, yopapatiza kukamwa. Thirani gawo limodzi mwa magawo atatu basi, kuti mpata wotsalawo usunge fungo. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150, ndipo tambula imodzi yotere ili ndi mowa woposa botolo limodzi laling'ono la mowa wamba wa 5 peresenti. Woyendetsa galimoto ndi mayi woyembekezera apatseni zina.

6. Mulaweni payekha, kenako muyeseni ndi mchere

Pendeketsani tambula pamwamba pa nsalu yoyera. Monastrell wamng'ono amakhala wofiira moderako, m'mphepete mwake mukuoneka pepo. Zunguzani, nunkhizani. Mabuku a vinyo amatchula zipatso zimene ambiri a ife sitinazidyepo, ndiye ine ndimayerekeza ndi zathu: mabulosi akuda opsa kwambiri, aja odetsa zala, nthudza zakupsa zotikita m'manja, mapulamu ouma. Pansi pa zipatsozo pamamveka tsabola wakuda ndi fungo la zitsamba zouma za kuphiri monga thyme ndi rosemary, zimene zimamera zokha m'mapiri a Murcia. Ngati anagona mumgolo mumvanso vanila, khofi wokazinga kapena koko.

Tsopano imwani pang'ono, muzungulitse m'kamwa, mumeze. Mumva zinthu zitatu motsatizana. Poyamba zipatso zakupsa zimene zimanamiza ngati vinyo ndi wotsekemera, pamene shuga mulibe. Kenako kuuma kwa m'nkhama ndi palilime, ngati mwaluma suku losapsa kapena mwamwa tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Ameneyo ndiye tanini: amagwira malovu n'kuwachotsera kuterera kwake. Pomaliza kufunda kotsikira pachifuwa. Kuwawasa kwake ndi kwapakatikati, sikofika pa bwemba.

Anthu ambiri amalekera pano n'kunena kuti vinyoyu ndi waukali. Chitani kaye ichi. Dulani kachidutswa ka nyama yootcha ya mafuta pang'ono, kawazeni mchere, tafunani, ndipo musanameze konse imwaninso. Kuuma kuja kumachepa, kuwawa kumabisala, mabulosi amatuluka poyera. Mafuta amakuta lilime, tanini amapeza nyama yoti agwire m'malo mwa malovu anu, ndipo mchere umaphimba kuwawa. Kenako bwerezani ndi kadontho ka Nali. Mumva zosiyana kotheratu: mowa umakolezera tsabola, tsabola amakolezera mowa. Mukachita kuyesa kumeneku kamodzi, simudzafunikanso mndandanda wa munthu wina wokuuzani chodyera.

7. Phikani mbuzi monga amachitira kwawo kwa vinyoyu

Anthu a ku Jumilla amadya zimene dziko louma limapereka: mbuzi, nkhosa, akalulu, nkhono za kutchire. Ali ndi gazpacho jumillano, amene sali ngati supu wozizira wa tomato wodziwika ndi dzina lomwelo ku Andalucía. Uyu ndi mphika wotentha wa nyama ya kalulu ndi zina za kutchire, mmene amanyenyeramo chikate chopyapyala chopanda yisiti kuti chimwe msuzi. Amaphikanso mpunga wa kalulu ndi nkhono, amaotcha nthiti za nkhosa pa moto wa nthambi zouma za mpesa, ndipo amakazinga kamwana ka mbuzi ndi adyo wambiri. Chomalizachi ndi chimene tingachite mosavuta, kungosintha pang'ono chifukwa mbuzi za kumsika kwathu zimakhala zokhwimirapo.

Pa anthu anayi mufunika kilogalamu imodzi ya mbuzi, nthiti ndi mwendo wakutsogolo, yoduladula ndi mafupa ake, mutu wathunthu wa adyo, masupuni aakulu anayi a mafuta, a olivi ngati alipo, anyezi mmodzi, supuni yaing'ono ya paprika wosawawa, kanthambi ka rosemary, mchere, ndi theka la tambula ya vinyo yemweyo.

Thirani mchere pa nyama ola limodzi musanaphike, n'kuipukuta iume. Nyama yonyowa siikazingika, imangowira. Tenthetsani mafuta mu poto wochindikala, ponyanimo adyo wosasenda, wongophwanyidwa ndi mpeni, mpaka achite bulawuni, n'kumuvuula. Adyo akapserera amawawa, ndipo kuwawa kwake kukakumana ndi tanini zinthu zimaipa, ndiye musachokepo. M'mafuta omwewo kazingani nyama pang'onopang'ono, magawo awiri kapena atatu, kuti chidutswa chilichonse chipse mbali zonse n'kuchita khambi lofiirira. Musafulumire apa, kukoma konse kwa mphikawu kuli pa khambi limenelo.

Bwezerani nyama yonse mupoto, ikani anyezi, akafota chepetsani moto n'kuwaza paprika. Ku Murcia amanyadira paprika wawo wotsekemera wotchedwa pimentón, ndipo paprika amene alimi ena amalima kuno amagwira ntchito yomweyo: amapereka fungo la tsabola popanda moto wake. Musamusiye pa mafuta otentha kupitirira theka la mphindi. Thirani vinyo, palani pansi pa poto ndi chipande, dikirani fungo la mowa lichoke. Onjezerani kapu imodzi ndi theka ya madzi otentha, rosemary ndi adyo uja, vundikirani, ndipo ziwire pa moto wochepa ola limodzi ndi theka kapena mpaka nyama iyambe kusiyana ndi fupa. Pomaliza vundukulani kuti msuzi uphwere, utsale wokhuthala wongomata nyama. Finyani adyo atuluke m'makoko ake, mumusakanize mumsuzi.

Mwaona kuti tomato sindinamutchule. Ndikudziwa kuti kwa ena ndiwo zopanda tomato si ndiwo. Ikani mmodzi wakupsa bwino ngati mtima sukulola, koma msuzi wa tomato wambiri wowawasa umamugonjetsa Monastrell n'kumusiya wozilala ngati madzi.

Nanga nsima? Mlamu wanga yemwe uja ankakana, ati vinyo wa ku Ulaya sayenda ndi nsima. Ine ndimatsutsa. Nsima ikugwira ntchito imene chikate chimagwira mu gazpacho: ilibe kukoma kolimbana ndi vinyo, imangonyamula msuzi. Ya mgaiwa imayenda bwino kuposa ya ufa woyera chifukwa ili ndi kafungo ka chimanga. Vuto lake n'limodzi, kuti nsima ndi vinyo wa 15 peresenti masana zimakugonetsa pampando. Mbatata ya kachewere yokazinga kapena mpunga wa Kilombero ndi zopepukirapo.

Ngati kuphika kukuchulukirani, kanyenya wa mbuzi wa pa makala, wa mchere wokha, ndi mnzake weniweni wa vinyoyu. Utsi wa makala umagwirizana ndi fungo la mgolo, makamaka pa roble ndi crianza. Tsabola muike pambali m'kambale, aliyense adzipweteke yekha.

8. Ndiwo zina zoyenda naye, ndi zimene muyenera kumutalikitsa nazo

Mchira wa ng'ombe ndi mang'ina ophikidwa mpaka kumata milomo ndi malo a crianza kapena reserva. Msuzi wonata wotere umafuna chakumwa chotsuka m'kamwa, ndipo tanini amachita zomwezo. Nthumbwana nazonso zimayenda, bola zatsukidwa bwino ndipo zakazingidwa pomaliza. Nkhumba yootcha ya mafuta ake, soseji, nthiti za nkhosa, zonsezi n'zosakayikitsa. Nkhuku ya lokolo yophikidwa nthawi yaitali imapirira joven woziziritsidwa bwino, koma nkhuku yoyera ya chidale chouma imamira, simuimva n'komwe. Kalulu, nkhanga ndi nkhunda ndi zimene Msipanishi wa ku Jumilla angazizindikire msanga pa tebulo lanu.

Nyemba musazinyoze. Ku Murcia kuli michirones, mphika wa nyemba zikuluzikulu zouma zophikidwa ndi soseji ya ku Spain yotchedwa chorizo ndi fupa la nyama ya nkhumba youmitsa. Nyemba zathu zofiira, zophikidwa ndi fupa la nkhumba kapena soseji yofukiza ndi paprika, zimafika pafupi kwambiri, ndipo ndi njira yotsika mtengo yodyera botolo labwino. Kwa osadya nyama, bowa wa dzinja wokazinga ndi adyo mpaka madzi ake aphwe ndiye woyamba, kenako mabiringanya ootcha pa makala opakidwa mafuta. Chofunika ndi mafuta, mchere ndi kupserera pang'ono.

Pa tchizi, kwawo kuli queso de Murcia al vino, cha mkaka wa mbuzi, chimene khungu lake amalisambitsa mu vinyo wofiira mpaka lisanduke pepo. Amene muli ku London kapena ku Johannesburg mungachipeze m'masitolo a zakudya za ku Spain, kapena mugule Manchego chokhwima, cha mkaka wa nkhosa. Kwathu kuno cheddar chokhwima chimakwanira. Tchizi chofewa chosakhwima chisiyeni.

Tsopano zokana. Chambo chisiyeni kutali, kaya chootcha kaya chophika. Nsomba yoyera ikakumana ndi vinyo wofiira wamphamvu imasiya kakomedwe ngati mwanyambita supuni yadzimbiri, ndipo mumataya zonse ziwiri, nsomba ndi vinyo. Usipa ndi matemba ouma n'zoipirapo, chifukwa kuwawa kwa mitu yake kumakula. Mlamba wofutsa pa utsi ndi wokhawo umene ndinauona ukulimbako, koma sindingakutumeni kukagula botolo chifukwa cha iwo.

Therere ndi masamba owawa monga luni sizigwirizana naye. Kuwawa kumaunjikana pa kuwawa. Nkhwani wotendera ali pakatikati: nsinjiro zili ndi mafuta amene amafewetsa tanini, ndiye ngati ndiwo yapambali pafupi ndi mbuzi palibe vuto, koma payekha amaphimbika. Saladi wa viniga kapena wa mandimu ambiri adyedwe vinyo asanathiridwe. Zotsekemera zonse, keke, mandasi, nyama yopakidwa sosi wa shuga, zimamusandutsa wowawa. Ku Jumilla amapanganso Monastrell wotsekemera kuchokera ku mphesa zosiyidwa pa mpesa mpaka zitanyala, ndipo ameneyo ndiye wa chokoleti chakuda, osati uyu.

Ngati pakhomo panu tsabola sakambirana, ndiye kuti aliyense amafuna ndiwo zoyaka, sinthani vinyo m'malo mokangana ndi banja. Funani wofiira wa ku Spain wa tanini wochepa ndi mowa wotsikirapo, monga Tempranillo wamng'ono wa ku La Mancha kapena Mencía wa ku Bierzo, n'kumuziziritsa kwambiri. Castilla-La Mancha ndi chigawo chimene chili ndi minda yambiri ya mpesa ya oganiki ku Spain konse, ndiye tsamba lobiriwira lija simuvutika kulipeza pa mabotolo a kumeneko.

9. Wotsala

Bwezerani chitsekerero nthawi yomweyo n'kuimika botolo mufuriji, ngakhale ndi vinyo wofiira. Monastrell amapirira masiku awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri tsiku lachiwiri amakhala wofewa kuposa loyamba. Ngati watsala wochepa, musamutsireni m'kabotolo kakang'ono kodzaza mpaka kukamwa, kuti mpweya usapeze malo. Mutulutseni mphindi 20 musanamwe.

Akapitirira masiku amenewo n'kuyamba kuzilala, asanafike pa viniga, ndi wa mumphika. Muthireni mu tizibowo ta thileyi ya ayezi, aume mufiriza, ndipo tsiku lophika nyemba kapena mchira wa ng'ombe ponyanimo tiwiri anyezi akangofota.